Msoko pa Phewa la Mphaka

Lorene Tackett anatembenuza seli chafufumimba, naviika burashi mu penti wotuwa ngati phulusa. Seli ndi pepala lopyapyala loonekera ngati galasi, ndipo silikhululuka: ukaligwira ndi chala chamafuta, chidindo chako chimatsalira pomwepo. N'chifukwa chake akazi onse a m'chipinda chopentera ankavala magolovesi oyera. Kutsogolo kwa seli, akazi a inki anali atalemba kale mizere yakuda. Ntchito ya Lorene inali kudzaza penti kumbuyo, osadumpha mzere, osasiya thovu.

Chiyambire Lolemba anali kupenta mkono wa mphaka. Mkono wokhawokha, wopanda mwini. Pa seli ili mkono watambasuka, pa linzake watambasukirako pang'ono, pa lotsatira zala zayamba kutanyuka. Chimene mkonowo unkafuna, palibe anamuuza.

"Iwe wakufumbi, ukuuyang'ana chonchi ukufuna kuukwatira?" anatero Opal, mayi wa tsitsi lofiira yemwe ankakhala tebulo loyandikana naye. Opal anali atapenta amphaka kuyambira nkhondo isanayambe, ndipo aliyense wochokera ku Oklahoma, dera la fumbi komwe Lorene anachokera, ankamutcha wakufumbi.

"Ndili naye kale mwamuna. Ali ndi mikono iwiri, yonse yake."

"Ali kuti?"

"Pa nyanja, komwe kuli wanuyo."

Opal anaseka osatsegula pakamwa, poopa Mayi Haverty, kapitawo wa chipindacho, omwe ankayenda pakati pa matebulo ndi nsapato zosamveka.

Chinali chaka cha 1944, pa kampani yopanga makatuni mu Los Angeles, ndipo mwezi wa Lorene woyesedwa ntchito unali kutha Lachisanu. Mayi Haverty ananena tsiku loyamba kuti si onse atsopano adzatsale. Ananenanso lamulo lawo: "Botolo lililonse lili ndi nambala. Pentani nambala imene mwapatsidwa. Kuganiza n'kwa amuna a kutsidya kwa bwalo."

Lorene sankasamala za amphaka. Kwa iye zinali zodabwitsa kuti amuna aakuluakulu ovala mataye amatha tsiku lonse akukangana za mmene mphaka amagwera pa masitepe. Chimene ankasamala ndi Wanda, mwana wake wa zaka ziwiri. Ntchito iyi inali ya masana. Ina yomwe inalipo inali ya kufakitale ya ndege, yolowa usiku, ndipo Mayi Ocampo, eni nyumba imene ankakhala, ananena poyera kuti mwana amasunga masana okha. Akachotsedwa pano, Wanda akwera basi kupita kwa agogo ake ku Oklahoma, ndipo akabwerako atayiwala nkhope ya amake.

Vuto linayamba Lolemba lomwelo. Mu envulopu ya ntchito yake munali seli limodzi la thupi la mphaka, atagona chafufumimba, phewa lili lopanda mkono. Thupilo linali ndi botolo lake la penti, mikono ndi botolo lina. Atapenta thupi ndi mkono woyamba, anaziika moyandikana pa tebulo. Thupi linali lotuwa moyera. Mkono unali wotuwa modera.

"Achemwali, mphaka ameneyu mkono anabwereka kwa mnzake?"

"Penta nambala," anayankha Opal osadzutsa mutu. Anali ndi timakoswe todzaza thireyi toti titheke tsiku lomwelo.

Lorene anasiya sukulu mimba ya Wanda itayamba kuonekera, koma asanasiye anali ataphunzira kale kwa amake ntchito ya singano. Chigamba chimayenera kufanana ndi malaya. Chikapanda kufanana, mwana amasekedwa ku sukulu. Anatenga thupi ndi mkono uja n'kupita nazo pa zenera, nayang'ananso pa dzuwa. Zinali zosiyanadi. Ndipo masiku amenewo a nkhondo, mabotolo ankabwera olakwika kuchokera kosakanizira penti kawirikawiri. Opal yemwe ankatukwana za zimenezo mlungu uliwonse.

Anapukuta mkono woyamba uja, nakankhira botolo lodera kumbuyo kwa nyale. Mikono yonse anaipenta ndi penti wa thupi. Pofika Lachinayi m'mawa, mkono uliwonse ukauika pambali pa phewa unkagwirizana ngati nsalu imodzi. Mumtima ankati Mayi Haverty akaona, adziwa kuti wakufumbiyu ali ndi maso.

Mayi Haverty sanaone. Mtsikana yemwe ankayendera ntchito isanapite ku kamera analandira telegalamu yoipa ya mchimwene wake wa kunkhondo m'mawa umenewo, ndipo anamutulutsa atamugwira m'mapewa. Filimu inali itachedwa kale. Mayi Haverty anangolemba dzina la Opal pa envulopu, poti ntchito ya woyesedwa imayendera dzina la wamkulu wake, nauza Lorene kuti athamange nayo ku kamera.

Aka kanali koyamba kuti Lorene adutse bwalo. Ku nyumba ya amuna kunkanunkha fodya ndi khofi wopsereza. Pa khomo lina anaona bambo wonenepa atakwawa pansi, akusuzumira kunsi kwa kabati, mnzake wowonda atayima pa mpando akukuwa kuti, "Iyayi, matako akwere kaye, mutu utsatire pambuyo!" Pa khomo lina munthu anali kudzikwinyira nkhope pa kalilole, pensulo ikuthamanga yokha pa pepala. Kwinakwake limba linkabwereza kanyimbo kamodzimodzi ngati mwana wofunsa funso.

Chipinda cha kamera chinali chamdima ndi chozizira. Kamera inapachikidwa pamwamba, yoyang'ana pansi pa tebulo, nyale ziwiri uku ndi uku. Wojambula nayo anali Bambo Szabo, nkhalamba yovala juzi yong'ambika m'zigongono.

"Atuma watsopano? Ndiye kuti kwapsa ndithu. Ima apo, mwana wanga, usapumire pa tebulo. Fumbi limodzi pano limakula ngati njovu."

Anayamba ndi chithunzi cha pansi. Lorene anayiwala kuti wauzidwa kuima patali. Chinali chipupa cha khichini, m'munsi mwake kabowo ka khoswe, koma wojambulayo anaikamo dzuwa la m'mawa likutsetsereka pa matabwa, ndi kamng'alu pa penti, ndi mdima m'kabowomo woti ungalowetsemo chala. Pamwamba pake Bambo Szabo anaika thupi la mphaka lija. Pamwamba pa thupi, seli la kakhoswe. Pamwamba pake lina la kabotolo kofiira. Pomaliza mkono. Anaponda chitsulo cha pansi, galasi linatsika n'kupanikiza zonse pamodzi, nyale zinayaka.

Mphaka anagona m'khichinimo ngati anabadwiramo. Koma thupi lake linali litada. Ndipo mkono unali woyera mbuu, ngati auviika mu ufa, msoko uli poyera pa phewa.

Bambo Szabo anavula magalasi, nawavalanso.

"Ayi, koma zimenezi."

"Pa tebulo zimafanana," anatero Lorene. Mawu anatuluka okha.

"Pa tebulo! Anthu akaonera pa tebulo?" Nkhalambayo inatenga dzanja la Lorene, niika seli lopanda kanthu pa golovesi lake loyera. Inaikanso lina, ndi lina. Golovesi linayamba kutuwa, ngati lachapidwa pamodzi ndi masokosi. "Waona? Seli limaoneka ngati palibe kanthu, koma lililonse limaba kuwala pang'ono. Thupi lili pansi pa anzake, ndiye timalipenta moyera. Mkono uli pamwamba, timaupenta modera. Akakumana pansi pa galasi, mphaka amakhala mmodzi." Inatembenuza envulopu. "Opal? Opal wakalamba eti? Kapena mwamuna wake wasiya kulemba makalata?"

Bambo Szabo anaimba lamya ku chipinda chopentera, nanena mawu ochepa, naika. Potembenuka anapeza Lorene akuyang'ana kamakina kobiriwira pa ngodya, kokhala ndi kagalasi kakang'ono ngati chikhatho.

"Sunaonepo akuyenda?"

"Ku kanema katuni ikayamba, ine ndiye nthawi yokasintha mwana thewera."

"Ndiye wakhala ukuphika chakudya chosalawa. Bwera."

Anakoleka filimu, naponda. Kamakinako kanayamba kulira ngati makina osokera.

Mphaka anatulukira pa khomo la khichini. Anayenda.

Lorene anagwira m'mphepete mwa tebulo. Iye ankaudziwa mchira uwo. Anaupenta yekha mlungu wake woyamba, michira yodzaza thireyi, yonse yakufa, yonunkha penti. Tsopano unali mchira umodzi, ndipo unali ndi maganizo. Unkanjenjemera kunsonga mphaka akamva fungo, unkawongoka akadzidzimuka. Mimba ya mphakayo inkalendewera, n'kugwedezeka mochedwerako pang'ono kuposa miyendo, ngati mimba yeniyeni ya nyama yodya bwino. Nthiti zinkakwera ndi kutsika. Anayesa kugwira ndi maso seli limodzi lokha mwa amene anapenta, lija anavutika nalo masana onse, koma linadutsa asanaphethire. Panalibe seli. Panali mphaka wanjala.

"Akupuma," anatero.

"Amapuma, inde. Mnyamata wina anakhala mlungu wathunthu pa kupumako. Nkhani imeneyi amuna awiri unawaona aja anayamba kuikangana chaka chatha, mitengo isanayoyoke masamba. Wanyimbo anayeza phazi lililonse kuti ligwere pa limba. Ikatha yonse, kutalika kwake n'kongokwana kumwa kapu ya khofi." Anasintha filimu. "Iyi ndi ya mkono wakowo. Ya pensulo chabe, yoyesera."

Mizere inali yotuwa, yonjenjemera, yopanda penti. Mphaka anagona pa kabowo, nalowetsa mkono, zala zikufufuza. Kakhoswe kanaima pambali kakuyang'ana zikhadabozo ngati mayi woyang'ana m'makutu mwa mwana. Kanapukusa mutu. Kanakoka kabotolo, n'kuyamba kupenta chikhadabo chimodzichimodzi, lilime lili panja. Katatha kanauzira kuti ziume. Mphaka anatulutsa mkono kuti aone chimene wagwira. Anatambasula zala pang'onopang'ono, napendeketsa mutu, nayiwala njala yake yonse.

Lorene anaseka mpaka kudzigwira pakamwa. Kenaka kuseka kunatha. Zala zija zinkatanyuka pa tebulo lake masiku onsewa, iye n'kumaganiza kuti mwina mphaka akufa. Chonsecho anali kudzisirira.

"Ndi kakhoswe kopenta zikhadaboka, amuna aja amati akuseka inu akazi a penti," anatero Bambo Szabo akuzimitsa makina. "Tenga envulopu yako. Uwauze mayiwo kuti mphaka wa mkono wa ufa ine sindijambula."

Anakumana ndi Opal pa khomo la chipinda chopentera. Opal anamukokera kuseri kwa mashelefu oumitsirapo maseli.

"Tamvera, wakufumbi. Utseke pakamwa. Dzina lili pa envulopu ndi langa. Ine andikalipira, mawa ayiwala. Sangandichotse, timakoswe awapentera ndani? Koma iwe ukangoyasamula, Lolemba uli pa basi."

"Ndiye mikonoyo apentanso ndani?"

"Ine, kapena wina aliyense. Zikukukhudza chiyani? Ganiza za Wanda."

Lorene anaganizadi za Wanda. Anamuona pa zenera la basi, chipewa chake chofiira chili pamutu. Opal ankanena zoona, ndipo Lorene sanali munthu wokana zoona zikakhala zothandiza. Akanatha kukhala pa tebulo lake, kupenta nambala mpaka Lachisanu, n'kutsala. Envulopu inali m'manja mwake, chinangotsala n'kuipereka.

Koma zala zake zinakana kumasuka. Tsopano ankadziwa chimene mkono uja ukuchita. Ankadziwa seli limene chala chaching'ono chimadzuka chokha monyada. Kuganiza kuti wina akapenta mkonowo akutafuna chingamu, osadziwa, kunamuwawa ngati kuona mlendo akumangira mwana wako nsapato molakwika.

"Mkonowu ndi wanga, achemwali."

"Mutu wako ngwouma ngati kwanu komweko," anatero Opal, namusiya adutse.

Mayi Haverty anali atakhala pa desiki lawo kumapeto kwa chipinda, manja atapinda.

"Ndaitana Opal."

"Opal sanakhudze, mayi. Ndinapenta ndine. Botolo lodera lili kumbuyo kwa nyale yanga, lodzaza."

Maburashi onse m'chipindamo anaima.

"Unasokoneza nambala?"

"Ayi. Ndinaona kuti sizikufanana, ndiye ndinakonza."

"Unakonza." Mayi Haverty anabwereza liwulo pang'onopang'ono. "Ndinati chiyani tsiku loyamba?"

"Munati tisaganize. Koma maso simunati tiwasiye kunyumba. Mukanangoti seli limaba kuwala, ndikanamva. Si nkhani yaitali. Bambo aja andionetsa pa golovesi."

Wina kumbuyo anakoka mpweya. Mayi Haverty anamuyang'ana Lorene nthawi yaitali, kuyambira kutsitsi mpaka ku nsapato zake zothothoka zidendene. Kenaka anatsegula envulopu, natulutsa mkono umodzi, nauyang'ana pa nyale. Anauyang'ana m'mphepete monse, kufuna pamene penti wadumpha mzere. Anatulutsa wina, ndi wina.

"Ukudziwa chifukwa chake timapenta kumbuyo, Mayi Tackett?"

"Ayi."

"Kuti anthu okonza ngati iwe akakonza, mzere wa inki usafe nawo. Beseni lili uko, siponji ili m'kabati. Madzi ofunda, osati otentha. Ukanyowetsa kutsogolo, wapha ntchito ya mnzako. Mikono yonseyi ikafika ku kamera mawa tisanaweruke, tidzalankhulana. Ikapanda kufika, usadzavutike kubwera Lolemba."

Kuchapa ndiye Lorene sankafuna mphunzitsi. Anapinda malaya, nayala seli lililonse pa nsalu youma, inki ili pansi, n'kumapukuta kumbuyo ndi siponji yofinya bwino, mofatsa ngati akupukuta mwana wa chikuku. Madzi a m'beseni anasanduka phulusa. Mikono inatsala mizere yokha, yoonekera, ngati mizimu. Nthawi ya chakudya anadya buledi wake wa chiponde ataimirira. Belu lowerukira litalira anayenera kupita, poti Mayi Ocampo sankadikira munthu, ndipo penti sauma msanga chifukwa choti iwe wafulumira.

Lachisanu m'mawa anatulutsa botolo lodera kumbuyo kwa nyale. Pa tebulo, mkono woyamba unaonekanso ngati wobwereka, ndipo maso ake anakana. Anawauza maso kuti adikire galasi. Seli lililonse akamaliza, linkachoka pa tebulo lokha.

"Opal, ndinati asathandizidwe," anatero Mayi Haverty ali chakumbuyo.

"Sindikupenta, mayi. Ndikungoyanika. Wakufumbiyu kuyanika sadziwa, kwawo kulibe madzi."

Dzuwa litapendeka, Lorene anadutsanso bwalo, envulopu ataigwira ndi manja awiri. Bambo Szabo anaika khichini, thupi, kakhoswe, kabotolo, mkono. Anaponda chitsulo. Galasi linatsika, nyale zinayaka.

Mkono unalowa m'phewa ngati madzi olowa m'madzi.

Lorene anamva fungo la sopo wa Mayi Haverty asanadziwe kuti amutsatira. Mayiwo anawerama pa tebulo, nayang'ana phewa, nadzuka.

"Magolovesi akowo ada," anatero. "Lolemba ubwere ndi ochapa."

Filimuyo inatuluka chaka chotsatira, nkhondo isanathe, Dwight mwamuna wake akadali pa nyanja. Loweruka lina masana Lorene anamuveka Wanda chipewa chofiira, nakwera naye sitima ya m'misewu kupita ku kanema. M'holomo munali modzaza: ana, asilikali a patchuthi, amayi a m'mafakitale ovala mipango. Mayina amene anaoneka poyamba anali a amuna okhaokha, ndipo Lorene sanawawerenge. Anali kupukuta Wanda mphuno.

Kenaka mphaka analowa m'khichini, wamkulu ngati nyumba, limba likumuwerengera mapazi. Anagona pa kabowo. Analowetsa mkono. Kakhoswe katayamba kupenta zikhadabo, holo yonse inagwedezeka. Msilikali wa kutsogolo kwawo ankamenya mpando ndi chipewa. Wanda anaimirira pa miyendo ya amake, natambasula tizala take tonona ndi switi, n'kuyamba kutiuzira.

Lorene yekha ndiye sankaseka. Anali atatsamira kutsogolo, maso ali pa phewa la mphaka, pamalo penipeni pamene ankadziwa kuti thupi limathera ndipo mkono umayambira. Anafunafuna msoko monga amake ankafunira pa malaya a Lamulungu, mpaka mphaka anatulutsa mkono, napendeketsa mutu, chala chaching'ono n'kudzuka chokha.

Msokowo sanaupeze.